Malume Anakana Mpeni, Ankafuna Opaleshoni ya Timabowo

Awerengi anga, sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Ndikudziwa kuti ena mwatsegula tsamba lino kuti muone amene ndamuponda chala lero, koma pepani, lero tikamba za m'mimba. Ndipo sindizungulira ayi. Tikamba za matumbo, za magazi m'chimbudzi ndi za mpeni wa dotolo. Amene muli pa nsima malizani kaye, musambe m'manja, kenako mubwere.

Malume anga ndi telala. Akhala pa khonde la sitolo ina kwathu kwa zaka zoposa 30, akupalasa makina awo a Singer kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bambo anga atamwalira, fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera pa makina amenewo. Ndiye mukaona ndikulemba m'nyuzi muno, dziwani kuti ndi singano ya malume inandifikitsa pano.

Kwa pafupifupi chaka chathunthu malume ankaona magazi akapita kuchimbudzi, koma sanauze munthu. Poyamba anati ndi mudzi, nayamba kumwa zitsamba. Kenako anati ndi kamwazi, nagula makapisozi pa golosale. Masiku ena ankatsegula m'mimba, masiku ena kudzimbidwa, ndipo akatuluka m'chimbudzi ankamva ngati sanamalize. Buluku lawo analibweza m'chiuno kawiri, mwakachetechete, poti telala ndi iwo omwe. Anawatulukira ndi mayi anga, mlongo wawo, amene tsiku lina anawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Achimwene, magazi anu apita kuti? Mwayera ngati pepala. Mawa tikupita kuchipatala, musandiyankhe."

Titafika kuchipatala chachikulu mumzinda, dotolo anawapima ndi kachipangizo kangati paipi yoonda yofewa, yokhala ndi kamera kumapeto, yomwe amailowetsa kudzera kotulukira chimbudzi. Kupima kumeneku amakutcha colonoscopy. Anapeza chotupa m'thumbo lalikulu, chakumanzere kumunsi, ndipo anatapako kachidutswa kukapima. Zotsatira zitabwera, mawu anali amodzi: khansa.

Dotolo anati mwayi ulipo chifukwa chiwindi ndi mapapo zinkaoneka zabwino, koma pafunika opaleshoni mwamsanga. Anati adzacheka pamimba, kuyambira pamwamba pa mchombo kutsika mmunsi. Malume anangovala chipewa chawo n'kutuluka. Tili panja anandiuza kuti, "Mphwanga, ine si mbuzi yoti anditumbule. Ong'ambidwa ndawaona ambiri, amabwera m'bokosi. Khansa ikaona mpeni imalusa."

Nkhani inafika poipa mwana wawo woyamba, msuweni wanga amene ali ku Johannesburg, atatumiza kanema pa WhatsApp. M'kanemamo munali azungu ovala zobiriwira akuchita opaleshoni osang'amba munthu, kungoboola timabowo. Pansi pake analemba kuti, "Musalole kuti awang'ambe bambo. Kuno ndi ku India amangoboola, mawa lake munthu akuyenda." Basi, mtima wa malume unakhazikika pamenepo. Banja linakhala pansi n'kuyamba kuwerenga zogulitsa: puloti, ng'ombe ziwiri, ngakhale makina omwe aja. Titaphatikiza zonse ndalama sinafike ndi theka lomwe, pasipoti analibe, ndipo aliyense ankaona kuti nkhaniyi itenga miyezi. Pamapeto onse anatembenukira kwa ine. "Iwe umalemba nyuzi, kafufuze ngati za timabowozi zili zoona."

Ndinafufuza, abale. Ndinawerenga mpaka maso kuwawa, ndinafunsa ovala zoyera mpaka kuwatopetsa. Zomwe ndinapeza ndi izi, ndipo ndikuti mumve nanunso, poti mawa akhoza kukhala malume anu.

Choyamba, opaleshoni ya timabowo ilipodi, si bodza la pa foni. Madotolo amaitcha laparoscopy. Wodwala amamugoneka tulo ndi mankhwala monga pa opaleshoni ina iliyonse yaikulu. Kenako amaboola timabowo tinayi kapena tisanu pamimba, kalikonse ka mamilimita 5 mpaka 12, kukula kwake ngati chikhadabo. Amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume, mkati mupezeke malo ogwirira ntchito. Pa kabowo kamodzi amalowetsa kamera yokhala ndi nyale, pa enawo amalowetsa zipangizo zazitali zoonda: chopanira, sizasi, ndi chootchera mitsempha kuti magazi asatayike. Dotolo sayang'ana pamimba pa wodwala. Maso ake amakhala pa sikirini ngati munthu woonera mpira, manja akugwira ntchito mmunsi.

Chachiwiri, ndipo apa mumvetsetse, ntchito ya mkatimo ndi imodzimodzi, kaya alowera pa bala lalikulu kaya pa timabowo. Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Dotolo amadula chigawo chomwe chili ndi chotupa, kutengako ndi thumbo labwino mbali zonse ziwiri kuti asasiye mbewu. Amachotsanso mafuta ndi mitsempha ya magazi ya chigawocho pamodzi ndi timibulu ta mwanabere, chifukwa khansa ikamasamuka imayamba yagona m'timibulu timeneti. Madotolo amafuna kuti timibulu tosachepera 12 tikapimidwe, kuti adziwe bwino pomwe matenda afika. Ndiye chidutswa chonsecho sichingatulukire pa kabowo kangati chikhadabo. Amachekabe pang'ono, masentimita 4 mpaka 6, kutchinga m'mbali mwa balalo ndi pulasitiki, n'kuchitulutsa. Akatero amalumikiza mbali ziwiri za thumbo ndi ulusi kapena ndi kamakina kangati sitepula ya mu ofesi. Mwamva? Ngakhale pa opaleshoni ya timabowo mpeni umakhalapo ndithu.

Njirayi si ya dzana. Dotolo wa ku Germany, Erich Mühe, anachotsa ndulu ya munthu mwa njira imeneyi mu 1985, ndipo Philippe Mouret anachita chimodzimodzi ku Lyon, ku France, mu 1987. Mu 1991 Moises Jacobs ndi anzake ku Miami, ku America, analengeza kuti adula matumbo a anthu 20 kudzera pa timabowo. Dziko linaomba m'manja, koma chimwemwe sichinakhalitse. Posakhalitsa malipoti anayamba kumveka akuti mwa odwala ena khansa ikumera pa timabowo pomwepo, pomwe zipangizo zinkalowera ndi kutulukira. Madotolo ambiri anachita mantha n'kubwerera ku mpeni, mpaka patachitika kafukufuku weniweni.

Kafukufukuyo anachitika motere: odwala ankawagawa mwa maere, ena ku mpeni, ena ku timabowo, kenako n'kuwatsatira zaka zingapo. Ku Barcelona, Antonio Lacy anachita izi ndi odwala 219 ndipo anatulutsa zotsatira mu 2002. Mu 2004 panatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa COST, wa odwala 872 m'zipatala 48 za ku America ndi ku Canada. Tamvani manambala ake. Patatha zaka 3, khansa inali itabwerera mwa odwala 16 pa 100 alionse a timabowo, ndi 18 pa 100 alionse a mpeni. Amoyo anali 86 pa 100 mbali ya timabowo, 85 pa 100 mbali ya mpeni. Kunena kwa chilungamo, palibe kusiyana. Za kumera pa bala zija zinachitika mwa odwala osakwana mmodzi pa 100 mbali zonse ziwiri, kusonyeza kuti vuto linali m'manja osazolowera, osati m'njirayo.

Nanga phindu la timabowo linali pati? A timabowo ankatuluka m'chipatala patatha masiku 5, a mpeni masiku 6. A timabowo ankasiya msanga mankhwala opha ululu. Kafukufuku wina wa ku Ulaya anaonetsanso kuti amataya magazi ochepa ndipo matumbo awo amayamba msanga kugwira ntchito. Bala laling'ono limapola msanga, ndipo munthu amabwerera msanga kumunda kapena kuntchito. Izi si zazing'ono, makamaka kwa munthu wodya za tsiku lomwelo ngati telala. Komatu opaleshoni ya timabowo inkatenga nthawi yaitali, mphindi 150 pomwe ya mpeni inkatenga mphindi 95. Ndipo mwa odwala 5 alionse amene anayamba ndi timabowo, mmodzi anathera pa kung'ambidwa komweko, dotolo ataona kuti zinthu mkatimo sizikulola. Ndiye tangoganizani kugulitsa ng'ombe, kukwera ndege mpaka ku India, n'kudzuka uli ndi bala lomwe unalithawa kwanu lija!

Pali odwala ena amene dotolo wanzeru sayerekeza n'komwe kuwaboola. Ngati chotupa chakula mpaka kutseka thumbo, mimba n'kutupa, malo ogwirira ntchito sapezeka. Ngati thumbo laboola, kapena chotupa chamatirira ku chikhodzodzo ndi ziwalo zina, kapena munthu anachitidwapo maopaleshoni ambiri mpaka matumbo anamatana, nthawi zambiri njira yabwino imakhala kutsegula. Wodwala mtima kapena mapapo kwambiri nayenso sapirira bwino mpweya wopopera uja. Mwaona pomwe pagona nkhani? Wochedwa ndiye amataya mwayi wa timabowo. Ukamadikira kuti upeze ndalama ya timabowo, chotupa chimakhala chikukula mpaka kufika poti timabowo sitingathekenso.

Khansa ya chigawo chomalizira cha thumbo, masentimita pafupifupi 15 otsiriza kufika kotulukira chimbudzi, ili ndi nkhani yakeyake. Chigawochi chili mkati mwa mafupa a m'chiuno, malo opanikizika ngati m'botolo, makamaka mwa ife amuna, ndipo pafupi pomwepo padutsa mitsempha yoyendetsa mkodzo ndi mphamvu za m'banja. Mu 1982 dotolo wa ku Basingstoke, ku England, Bill Heald, anaphunzitsa anzake kuchotsa chigawochi pamodzi ndi thumba lonse la mafuta lochikuta, osaliboola, ndipo kubwerera kwa khansa pamalopo kunatsika kwambiri. Funso linali lakuti, kodi ntchito yosamala chonchi ingatheke pa timabowo? Kafukufuku wotchedwa COLOR II, wa odwala 1,044, anapeza mu 2015 kuti patatha zaka 3 khansa inabwerera pamalopo mwa odwala 5 pa 100 mbali zonse ziwiri. Koma chaka chomwecho akafukufuku ena, a ku America ndi a ku Australia, analephera kutsimikiza kuti timabowo timachotsa zonse mwaukhondo ngati mpeni. Phunziro lake n'lakuti pa malo ovuta ngati amenewa chachikulu ndi luso la dotolo. Ndipo ngati chotupa chili mmunsi kwambiri, wodwala akhoza kuvala thumba lolandira chimbudzi pamimba, kwa kanthawi kapena moyo wonse, kaya anaboola kaya anang'amba.

Msuweni uja anatumizanso kanema wina wa loboti. Nayonso ilipo. Makina otchedwa da Vinci analoledwa ku America mu 2000, ndipo mtengo wake umaposa madola 1 miliyoni. Koma musaganize kuti lobotiyo imaganiza yokha. Dotolo amakhala pampando chapatali pang'ono, akuyendetsa mikono ya makinawo ndi zala zake. Mu 2017 kafukufuku wotchedwa ROLARR, wa odwala 471, anayerekeza loboti ndi timabowo wamba pa khansa ya chigawo chomalizira chija, ndipo sanapeze kusiyana kokhutiritsa pa chiwerengero cha odwala othera pa kung'ambidwa. Makina ndi abwino, koma sapanga wochedwa kukhala wofulumira.

Tsono manambala amene anandikhazika pansi ndi awa. Ku America, khansa imeneyi ikapezeka isanatuluke m'thumbo, anthu 9 mwa 10 amakhala adakali moyo patatha zaka 5. Ikapezeka itafika kale ku chiwindi kapena ku mapapo, amoyo sakwana 2 mwa 10. Kusiyana kwa mpeni ndi timabowo ndi kwa masiku. Kusiyana kwa kufulumira ndi kuchedwa ndi kwa moyo ndi imfa. Anthu aja malume anawaona akubwera m'bokosi sanaphedwe ndi mpeni. Anafika pa tebulo la dotolo matenda atawatha kale, ndipo mpeni unangonamiziridwa mlandu.

Ndinapita kukawapeza malume pa khonde. Ndinakhala pa benchi ya makasitomala, mtima uli phaphapha, poti kwathu mwana sauza malume ake zochita. Ndinati, "Malume, munthu akabwera ndi buluku lodyedwa ndi njenjete pa mwendo, mumatani?" Anati, "Ndimadula podyedwapo, n'kulumikiza." Ndinati, "Nanga akanena kuti dikirani miyezi isanu ndi umodzi, ndikagule sizasi ya ku India?" Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha. Ndinawauza zonse ndalembazi, osabisa kuti bala lalikulu limapweteka kwambiri ndipo limachedwa kupola. Ndinamaliza ndi mawu amene iwo omwe ankandiuza ndili mwana, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Anavundikira makina awo ndi nsalu n'kunena kuti, "Mphwanga, kauze mayi ako akonze chikwama."

Anawang'amba ndithu. Anagona m'chipatala masiku 9, ndipo masiku atatu oyamba sindifuna kuwakumbukira. Atayamba kupeza bwino anayang'ana bala lawo n'kuuza namwino kuti, "Amene anasoka apa adzabwere pa khonde ndidzamuphunzitse kuwongola mzere." Wodi yonse inafa nacho chiseko. Koma sindikunamizani kuti nkhani yathera pa chiseko. Mwa timibulu 15 tomwe anachotsa, tiwiri tinapezeka ndi khansa, choncho malume ali pa mankhwala a khansa a miyezi ingapo, owafooketsa ndi kuwachititsa dzanzi m'zala. Telala wa zala zadzanzi, tangoganizani. Dotolo anatiuza mosabisa kuti chaka chija cha zitsamba ndi makapisozi ndicho chinapatsa matendawa mpata. Puloti ilipo, ng'ombe zilipo, makina alipo, ndipo mwini wake alipo. Za mawa tikuzisiya m'manja mwa Mulungu ndi madotolo.

Musandimve molakwa, sindikunyoza timabowo. Chipatala chomwe anagona malume chikanakhala ndi njirayi pa opaleshoni ya matumbo, ndi dotolo woizolowera, ndikanakhala woyamba kuwasainira. Ndipo apa ndili ndi mawu kwa akuluakulu athu, inu amene mutu ukangowawa mumakwera ndege. Njira imeneyi yatha zaka zoposa 30 ili padziko. Si ya mabwana okha ayi. Wodwala akatuluka msanga, bedi limapeza wina amene akanagona pansi. Mayi wodikirira wodwala amabwerera msanga kumunda. Zofunika zake n'zodziwika: kamera ndi sikirini, masilinda a mpweya, magetsi osazimazima, amisiri okonza zipangizo zikawonongeka, ndiponso madotolo ophunzitsidwa pa odwala ambiri moyang'aniridwa ndi akatswiri, chifukwa dzanja losazolowera ndi loopsa kuposa bala lalikulu. Loboti isiyeni kaye. Yambani ndi kuonetsetsa kuti munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akaona magazi akupimidwa msanga, ndipo kachidutswa kake kakapita kokapimidwa zotsatira zikubwera m'masiku, osati m'miyezi.

Kwa inu anzanga a pa minibasi ndi pa bawo, matendawa si a azungu okha ndipo si a nkhalamba zokha. Padziko lonse mu 2022 anagwira anthu pafupifupi 1.9 miliyoni ndi kupha oposa 900,000. Morgan Tsvangirai, amene anakhalapo nduna yaikulu ku Zimbabwe, anamwalira nawo ku Johannesburg mu 2018. Chadwick Boseman, mnyamata wa mu filimu ya Black Panther uja, anapita mu 2020 ali ndi zaka 43 zokha. Pelé, mfumu ya mpira, anatsatira mu 2022. Ataona kuti achinyamata odwala akuchuluka, a ku America mu 2021 anatsitsa zaka zoyambira kupimitsa kuchoka pa 50 kufika pa 45.

Ndipo nayi nkhani yabwino yomwe ndasungira kumapeto. Khansa zambiri za m'thumbo lalikulu zimayamba ngati kanjerewere kakang'ono mkati mwa thumbo, komwe kamatha zaka pafupifupi 10 kasanasanduke khansa. Kakapezeka nthawi imeneyo, dotolo amakadula ndi kawaya kudzera mu paipi ya kamera ija, popanda kucheka pamimba ngakhale kabowo kamodzi, ndipo nthawi zambiri munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ngati mumaopa mpeni ngati malume anga, njira yowuthawira ndi imeneyi.

Choncho mukaona magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda bii, kapena kachitidwe kanu ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, kapena mukuonda ndi kutha magazi popanda chifukwa, musadziuze nokha kuti ndi mudzi. Mwina ndi mudzidi, mwina ndi kamwazi, koma wonena zimenezo akhale dotolo atakupimani, ngakhale kupimako kukhale kwa chala, kochititsa manyazi. Ngati m'banja mwanu wina anadwalapo khansa imeneyi, muuzeni dotolo zimenezo ngakhale asanakufunseni. Ine ndi azisuweni anga tauzidwa kale kuti tizikhala tcheru, ndipo ana a malume ayenera kukapimitsa msanga kuposa anzawo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sabata yamawa tibwerera ku ndale, ngati malume sandituma kokagula ulusi.